Kabokosi ka m'Chipinda cha a Msiska

Masikilini a kompyuta a bambo Hezron Msiska anayamba kuzima okha sabata yachiwiri ya Okutobala, nthawi imene chigwa cha Nkhamanga chimatentha moti ngakhale mbuzi zimaleka kulowa m'madimba a eni n'kukagona pansi pa ngolo. Anali awiri, akuluakulu, omangidwa pakhoma la chipinda chawo chogona. Ankayaka bwinobwino, a Msiska n'kukhala pansi, kupukuta magalasi, kufufuza pamene analekezera dzulo, ndipo akangopapeza, onse awiri ankada bii osatsanzika n'komwe. Laputopu yokha inkatsala ikuyaka pakati pawo ndi tizilembo take tonga nyerere, timene a Msiska analeka kalekale kutiona.

Kwa munthu wina nkhaniyi ikanakhala yaing'ono. Kwa iwo sinali yaing'ono. Anali ndi zaka 78, matenda a shuga anali atawadyera diso lamanzere, ndipo dokotala wa maso ku Mzuzu, munthu wosadziwa kukometsa mawu, anawauza kuti lamanjalo likulondola mnzake, mwina silifika Khirisimasi. Ndiye anali pa liwiro ndi diso lawo lomwe. M'kabati munali makope asanu ndi limodzi a malemu akazi awo, Lena Nyagondwe, odzaza ndi nyimbo zimene mayiyo anapeka pa zaka zonse zimene ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi. Zonse zinali m'zilembo za solofa, do re mi zija, zolembedwa ndi pensulo imene tsopano inkafufutika yokha. Kunalibe kwina kulikonse kumene nyimbozo zinalembedwa. A Msiska analumbira kuti azitayipa zonse diso lisanatseke, ndipo anali atamaliza makope anayi ndi theka.

Anthu akamanena za ukwati umenewu ankati paja ukaipa dziwa nyimbo, ndipo a Msiska sankatsutsa. Paunyamata wawo anali wamtali ngati nsungwi, makutu otambalala, mphunzitsi wa masamu wosaseka ndi mwana. Koma anali ndi besi. Lena anaimva besiyo asanaone mwini wake, pa msonkhano wa makwaya mu 1971, ndipo mpaka ukalamba wake ankauza alendo kuti akanayamba kuona makutuwo bwenzi atakwatiwa ndi msodzi ku Chitimba. Anakhala limodzi zaka pafupifupi makumi asanu. Madzulo mayiyo ankaluka uku akuimba chapansipansi, ndipo nyimbo ikamubwerera ankaika ulusi pambali n'kutola pensulo. Ankaluka tinsalu toyera tamaluwa, moti m'nyumba imeneyo munalibe chinthu chokhala chosavundikira. Wayilesi inali ndi kake, Baibulo kake, jagi ya madzi kake. Nyagondwe ankati chinthu chaulemu sichikhala maliseche.

Nzeru ya masikiliniyo inali ya Nelly, mkazi wa mwana wawo Watipaso. Nelly anali wa ku Ntcheu, ndipo ankayang'anira makompyuta pa ofesi ina ku boma la Rumphi, kumene ankapita pa njinga yamoto tsiku ndi tsiku. Chitumbuka chake chinkathera pa moni ndi "yewo chomene," choncho a Msiska ankamuyankhula m'Chichewa cha m'kalasi, chowongoka ngati rula. Iyeyu ndi amene anajambula masamba onse a makope aja, nabweretsa masikilini pamodzi ndi kabokosi kakuda kamene ankakatcha dokingi. Chingwe chimodzi chinkachoka ku laputopu kulowa m'kabokosiko, ndipo kabokosiko n'kumagawira masikilini onse awiri. Kumanzere kunkaoneka dzanja la Nyagondwe, chilembo chilichonse chachikulu ngati dzira. Kumanja a Msiska ankatayipa. Tsiku loyamba, m'mwezi wa Meyi, ataona "d" wa akazi awo wopindika mchira uja ataima pakhoma, anatuluka kukaima kuseri kwa nkhokwe kwa kanthawi ndithu. Atabwerako anatenga kansalu komaliza kamene malemu analuka, kamene kanali kasanapeze mwini, n'kuvundikira kabokosiko mbali zonse.

Koma Nelly anali asanazionepo zinthu zakezo pamalo pake. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, salowa kuchipinda kwa apongozi ake aamuna. Mabanja ambiri ophunzira anazisiya kale zimenezi, koma Nyagondwe sanali munthu wosiya zinthu. Tsiku limene Nelly anafika pakhomopo, mayiyo anamuyendetsa nyumba yonse, namuuza kuti khitchini ndi yake, pabalaza ndi pake, nkhokwe ndi yake, chitseko chimodzi chokhachi ndiye ayi. Patangopita miyezi isanu ndi itatu anamwalira. Nelly analisunga lamulolo kuposa mwana wobadwira komweko, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene apongozi akewo anapeza nthawi yomuphunzitsa. Pomanga masikiliniwo amene analowa anali Watipaso, mkazi wake akumulangiza ali m'kolido. Tsopano Watipaso anali kusukulu ya zachipatala ku Blantyre, wobwera mu Disembala.

Ndiye ntchito yokonza inkayenda motere. Nelly akaweruka ankatsika pa njinga, kumanga chitenje pamwamba pa thalauzi, kutenga kampando ka kukhitchini n'kukhala m'kolido, msana kukhoma, nkhope kumbali. Chitseko chinkatsekulidwa pang'ono pongokwana mawu. Tebulo linali kuseri kwa chitsekocho, moti chimene mtsikanayo akanaona, akanati ayang'ane, ndi ngodya ya wadirobu basi. Katswiri wa makompyuta amene maofesi atatu ankamulimbirana ankakonza makina ngati sing'anga wochiza wodwala wa kutsidya kwa mtsinje.

Tsiku loyamba anawauza kuti azule chingwe cha magetsi cha kabokosiko, adinikize batani lake n'kuwerenga mpaka makumi atatu. A Msiska anachotsa kansalu kuti afike pa zingwezo, nawerenga mokweza, m'Chingerezi, mosathamanga, monga ankawerengetsera ana a Sitandade 2. Masikilini anayaka. Anayamikana, Nelly napita kukhitchini, iwo n'kubwezera kansalu pamalo pake. Anyezi asanapse m'poto kunja kuja, masikilini anali atazima kale.

Tsiku lachiwiri Nelly anabwera ndi zingwe zatsopano, nazikankhira pansi pa chitseko. Anati mwina zakalezo zinathyokera m'kati. A Msiska anagwada, mawondo akulira, nasintha chimodzichimodzi, akupapasa mabowo ndi chala chifukwa kuwaona sankawaona. Zinayaka, kenaka zinazima. Tsiku lachitatu anawauza kuti adine batani lokhala ndi chithunzi cha zenera pamodzi ndi P, asankhe mawu achitatu pa mndandanda umene utuluke, poganiza kuti mwina laputopu yaiwala kuti ili ndi anzake. Kuti apeze mawu achitatuwo anachita kugunditsa mphuno pagalasi. Tsiku lachinayi Nelly anaitenga laputopuyo kuofesi, naikamo mapulogalamu atsopano oyendetsa masikilini, nayang'ananso ngati chaja ya kabokosi sinasinthane ndi ya laputopu. Zonse zinali m'malo mwake. Anawapempha kuti ajambule kabokosiko ndi foni kuti aone mmene anakaikira. A Msiska anakavula kansalu, monga munthu amavulira chipewa pojambulitsa, ndipo pa zithunzi zisanu zimene anajambula, zinayi zinali za chala chawo chachikulu.

Lamulungu atachoka kutchalitchi, Nelly anapempha kuti kabokosiko katuluke. A Msiska anakatulutsa atakanyamula ndi manja awiri. Mtsikanayo anakalumikiza ku wayilesi yakanema ya pabalaza, ndipo kanagwira ntchito maola atatu osatsokomola n'komwe. Anakabwezera kuchipinda, n'kufa mphindi makumi awiri zisanakwane. Apa Nelly mutu unaima. Anati mwina ndi soketi, a Msiska nasintha soketi. Anati mwina ndi masikiliniwo, koma iye yemwe anadziyankha kuti awiri sangafe mphindi imodzi n'kudzukanso limodzi.

Mkulu wa mpingo mnzawo anawalangiza kuti aitane Manase, bambo wa imvi wokonza mafoni pa Bolero. Manase, pokhala mwamuna, analowa mpaka m'kati ndi nsapato zake. Anaponya kansalu kaja pabedi ngati chiguduli, nauzira mpweya m'mabowo, nagwedeza zingwe, kenaka n'kukhala pansi kumwa tiyi. Ola lathunthu masikilini anayaka mwaulemu ngati ana ahedi akakhala m'kalasi. Manase anachoka akudzitama kuti makina amamuopa. A Msiska anatola kansalu kaja mtima ukuwawa ndi mmene anakaponyera, nakawongola pabondo, n'kukabwezera. Njinga ya Manase isanafike pamsewu waukulu, khoma linali litada.

Madzulo ake Nelly anafunsa funso limene anati amafunsa aliyense kuofesi zinthu zikavuta.

"Adada, m'chipindamo chasintha n'chiyani kuchokera mu Meyi?"

"Palibe, mkamwana. Chilichonse chili pamene chinali."

Ndipo sankanama. Munthu sauza dokotala kuti amavala malaya. Kansaluko kwa iwo sikanali chinthu choti n'kuchitchula, kanali ngati denga kapena khoma.

Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi a Msiska anayamba kuganiza zimene mkulu wa mpingo sayenera kuganiza. Paguwa analalikirapo kangapo kuti akufa sayenda m'mitengo kapena m'maloto, ndiye akanayamba bwanji lero kuwafunafuna m'mawaya? Komabe panali chinthu chimodzi chimene sanamuuze Nelly. Masikiliniwo anayamba kuzima tsiku lenilenilo limene anafika pa tsamba 23 la kope lachisanu.

Pa tsamba limenelo panali nyimbo ya Ungweru. Ameneyu anali mwana wawo woyamba, mtsikana, amene anamwalira ndi chikuku mu 1976 ali ndi zaka zitatu. Nthawi imeneyo ankaphunzitsa pa kasukulu kena cha ku Kazuni, nyumba yaudzu, mvuu zikumveka kunyanja, chipatala chili mtunda wa tsiku lathunthu pa njinga yakapalasa. Lena anakhala miyezi itatu osaimba, ngakhale kutchalitchi ankangotsegula buku n'kutseka pakamwa. Kenaka tsiku lina a Msiska akuchonga makope a ana, mayiyo anaika pepala pamwamba pa makopewo. Inali nyimbo ya mawu awiri okha, besi ndi alito. Sinaimbidwepo kutchalitchi, ndipo ngakhale Watipaso sankaidziwa. Chaka chilichonse pa tsiku la mwanayo ankatseka chitseko chomwechi n'kuiimba awiriwiri, kamodzi kokha, kenaka aliyense n'kubwerera ku ntchito yake.

Besi ya nyimboyo a Msiska ankaidziwa ngati dzina lawo. Koma chapakati pake besi inkaima kwa mabiti asanu ndi atatu, ndiye kuti kugunda kwa nyimbo kasanu ndi katatu, alito n'kuyenda yokha. Ndipo pamenepo ndi pamene panali vuto. Zaka zonsezo, akafika pamalo amenewo, iwo sankamvetsera. Ankatseka maso n'kumawerenga mabitiwo mumtima, wani, thuu, firii, ngati mphunzitsi wa masamu, chifukwa ankadziwa kuti akamvetsera mawu a mkazi wawo ali okhaokha, sakanatha kulowanso. Sanaphonyepo polowera ngakhale kamodzi, ndipo ankanyadira zimenezo. Tsopano mwini alito anali kumanda, ndipo iwo akayesa kukumbukira mmene inkayendera pamenepo ankangomva manambala awo omwe. Mabiti asanu ndi atatuwo anali pa pepala lokha basi.

Masana a tsiku lachisanu ndi chinayi lija, Nelly ali kuntchito, anakhala pabedi moyang'anana ndi khoma lakudalo n'kuyankhula ndi akazi awo m'chiyankhulo chawo. "Nyagondwe, usange mukukhumba yayi, niphalirani waka." Anawapempha kuti ngati sakufuna kuti nyimboyo ionedwe ndi anthu angonena, asachite kuzunza nkhalamba. Malata okha ndi amene ankathetheka ndi dzuwa. Anachita manyazi ndi zimene anachitazo, ndipo anamusowa mkazi wawo kwambiri kuposa tsiku la maliro.

Loweruka m'mawa, tsiku la khumi ndi chiwiri, anatuluka pakhonde monga mwa masiku onse kukayang'ana mapiri a Nyika. Kunalibe. Anadziuza kuti ndi utsi, poti mwezi umenewu anthu amatentha tchire. Anayang'ana mtengo wa mango umene anadzala okha pabwalo, ndipo unali chimthunzi chabe. Anatambasula dzanja lawo pafupi ndi nkhope. Mizere ya m'dzanjamo inali itapita. Mantha anawagwira, ndipo anabwerera m'nyumba akupapasa khoma. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nelly anabwera ndi kampando kake, nakhala pamalo pake m'kolido, n'kuyamba kufotokoza kuti wabwereka kabokosi kena kuofesi koti ayesere. A Msiska anatsekula chitseko chonse mpaka chinagunda tebulo.

"Mkamwana, lowani."

Anamva kampando kakusuntha, koma osati kubwera kuno.

"Adada, amama anati chitseko ichi ayi."

"Ndikudziwa chimene ananena. Ndinali pomwepo. Diso likutha, mwana wanga. Mlanduwo ndikayankha ndine ndikakakumana nawo. Lowani."

Anamva mtsikanayo akuvula nsapato, kenaka mapazi akuponda simenti mosamala ngati akulowa m'tchalitchi mapemphero atayamba. Anafika patebulo n'kuima. Sanagwire chingwe chilichonse, sanadine batani.

"Adada, kansaluka kamakhala pamenepa masiku onse?"

"Nanga kakhale kuti? Ndi kake."

Nelly anawagwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo, naliika pamwamba pa kabokosiko. Kanali kotentha ngati simbi. Anawayendetsa chala m'mbali mwake kuti amve timabowo ting'onoting'ono tondandalikana, nawafotokozera modekha kuti kabokosiko kamapumira mmenemo. M'miyezi yozizira ija kanapirira chifukwa mphepo ya Juni inkakathandiza. Tsopano ndi kutentha kwa Okutobala, pansi pa malata, katafunditsidwa ulusi mbali zonse, kankabanika, ndipo kakatentha kwambiri kankadziteteza podula masikilini. Nthawi zonse pamene ankaganiza kuti akonza, chimene chinkachitika n'choti adada ankachotsa kansalu kuti afike pa zingwe, kabokosi n'kupumako.

A Msiska anakhala pabedi. Masiku khumi ndi awiri. Anayamba kukwiyira Manase, amene anachotsa vutolo ndi dzanja lake osadziwa, n'kumwa tiyi wa eni. Kenaka anadzikwiyira okha, munthu amene anaphunzitsa ana zaka makumi atatu kuti ayambe awerenga funso lonse asanayankhe. Pomaliza mkwiyowo unafika kwa Nyagondwe, ndipo pamenepo unasanduka kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Mayi ameneyu, anatero, moyo wake wonse ankavundikira zinthu, ndipo wayilesi yawo yoyamba ija inafa mwezi ngati womwe uno, iwo n'kumanamizira mabatire.

Nelly sanaseke nawo. Anapinda kansaluko kanayi, mosamala, n'kukaika m'manja mwawo. Kenaka anatenga mapensulo awiri m'kapu ya patebulo n'kukhazikapo kabokosiko kuti mpweya uzidutsanso pansi. Anati adikire kazizire. Anakatenga kampando kake m'kolido, nakhala pafupi ndi chitseko, maso pansi, osafuna kuona zambiri za m'chipindamo kuposa zimene anaitanidwira. Podikirapo a Msiska anamufotokozera za ku Kazuni, za mvuu imene inadya kabichi wa ahedi, za mmene ankatayipira mayeso pa taipi yakale yosowa chilembo "e." Za Ungweru sananene. Atayatsa, masikilini anayaka. Mphindi makumi awiri zinadutsa, kenaka makumi anayi, kenaka ola. Dzuwa linafika pamutu, malata akuthetheka, ndipo khoma linali lowalabe.

"Zatheka, adada," anatero Nelly. "Nditsegule tsamba liti?"

Anamuuza kope lachisanu, tsamba 23. Anakokera mpando pafupi, napukuta magalasi, n'kusendeza nkhope ku sikilini ya kumanzere. Kuwala ankakuona. Pakati pa kuwalako panali timadontho totuwa, ngati nsalu yoyera imene yagwidwa nkhungu. Anamuuza kuti akulitse. Anakulitsa. Anati akulitsenso. Nelly anakulitsa mpaka chilembo chimodzi chinadzaza sikilini yonse, ndipo a Msiska anadziwa zimenezo chifukwa choti mtsikanayo ananena, osati chifukwa choti anaona. Anavula magalasi n'kuyesa opanda magalasi. Anatseka diso lakufalo ndi chikhato, ngati kuti ndi limene linkasokoneza. "D" wopindika mchira uja sanabwere.

Anabwerera m'mbuyo pampando. Masiku khumi ndi awiri apitawo tsamba limeneli analiona ndi diso lawo, mzere woyamba wonse, ndipo akanakhala ndi ola limodzi lokha bwenzi atalimaliza. Ola limenelo analipereka kwa kansalu ndi kwa chitseko. Chisoni chinawagwira, ndipo sanafune kuti mkamwana wawo aone nkhope yawo, koma tsopano anali m'chipinda momwemo, panalibenso khoma lobisalako.

"Sindikuona, mwana wanga," anatero pomaliza. "Mwakonza bwino chomene. Koma sindikuona."

Nelly sanawatonthoze ndi mawu a m'zipatala aja. Anakoka kampando kake kuchoka kuchitseko mpaka patebulo, nafunsa ngati angawawerengere. A Msiska anati iye sadziwa solofa. Anayankha kuti n'zoona, kwawo ku Ntcheu ankathawa kwaya, koma zilembo amazidziwa, ndipo madontho amatha kuwerenga. Iye aziwerenga, adada azitayipa, poti zala zawo sizifuna diso.

Anayamba choncho. Nelly ankatchula chilembo chilichonse, dontho lililonse, kamzere kalikonse, ndi mawu a munthu wowerenga nambala ya foni. A Msiska ankatayipa. Pena ankamuimitsa n'kumuuza kuti ayang'anenso bwino, Nyagondwe sakanalemba "fa" pamenepo, ndipo kawiri konse anapezeka kuti akunena zoona, pensulo inali itangofufutika. Atatha mizere iwiri anazindikira kuti akuimba besi yawo chapansipansi, mawu okalamba, onjenjemera, koma osaphonya. Nelly sanafunse kuti ndi nyimbo yanji. Anangochepetsa liwiro kuti aziyendera limodzi.

Kenaka besi inaima. Mtsikanayo anati apa mzere wapansi ulibe kanthu, wapamwamba wokha ndiye ukupitirira, nayamba kutchula zilembo zija mmene ankachitira. A Msiska anachotsa manja pa kiyibodi. Anati pamenepa pokha asawerenge, aimbe. Nelly anakana, anati mawu ake ndi othamangitsa nkhuku. Iwo sanamumvere. Anamupatsa "do," namuuza aigwire, namukweza mpaka pa "mi" pamene alito inkayambira, namuphunzitsa kukwera ndi kutsika makwerero ake mmene ankaphunzitsira ana a sukulu. Zinatenga nthawi. Kenaka anabwerera kumayambiriro kwa mzere, iwo n'kuimba besi mpaka pamene imaimira.

Nelly anaimba yekha. Mawu ake anali aang'ono, amantha, ndipo pa noti yachitatu anaterereka pang'ono n'kudzigwira. Nyimboyo inakwera masitepe atatu, inaima pamwamba ngati munthu amene akuitana mwana kubwalo, inadikira, kenaka inatsika pang'onopang'ono popanda woyankha. Ndiye kuti Lena ankanena zimenezi zaka zonsezo, ali pambali pawo penipeni, iwo ali kalikiliki ndi manambala.

Malo a besi anafika n'kudutsa. A Msiska sanalowe.

"Adada, mzere wapansi wayambiranso. Si panu apa?"

"Ndi panga," anatero a Msiska. Misozi inali ikutsikira m'kolala ya malaya awo ndipo sanaipukute. "Bwerezani, mwana wanga. Sindinamvepo."